Kompyuta Yosunga Mayina Athu: Windows, Linux Kapena macOS?

Aliyense amene analembetsapo dzina pa mndandanda wa ogula fetereza wotsika mtengo kapena wa olandira Mtukula Pakhomo, ngakhalenso amene anakalembetsa kalata yofunsira ntchito pa shopu yosindikiza pa Jenda, anasiya mbiri yake m'kompyuta ya munthu wina: dzina, mudzi, nambala ya chiphaso cha unzika ndi ya foni. Kodi makina amenewo ndi odalirika motani? Yankho limayambira pa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imene akatswiri amaitcha operating system. Mapulogalamu ena onse, olembera makalata kapena owerengera ndalama, amatsamira pa iyo monga denga litsamira pa zipupa. Zodziwika kwambiri ndi zitatu: Windows, macOS ndi Linux.

Nkhaniyi yafika pakhomo chifukwa pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa padera ku ndondomeko yowonjezera nthawi. Izi zikutanthauza kuti mipata yatsopano imene akuba a pa intaneti akuipeza siikutsekedwanso. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale, monga ogula pa kaunjika ndi amene sukulu zinalandira ngati mphatso, alibe. Eni makina otere ayenera kusankha chochita.

Windows ndi imene ambiri tinaphunzirira. Amisiri oikonza sasowa ku Mzimba boma, ku Kasungu kapena ku Mzuzu, ndipo Word, Excel, CorelDRAW ndi maprinta ambiri zimayenda nayo popanda vuto. Koma malangizo amene inalembedwa nawo ndi chinsinsi cha kampani. Woigwiritsa ntchito sangaone zimene ikuchita m'kati. Imatumizanso ku Microsoft uthenga wina wokhudza mmene makina akuyendera, ndipo pa Windows wamba uthengawu mutha kuuchepetsa koma osati kuuletseratu. Choopsa kuposa zonsezi ndi Windows yobera, yoikidwa popanda layisensi pogwiritsa ntchito timapulogalamu tothyola maloko. Imaoneka ngati yeniyeni ndipo ndi yotsika mtengo, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: amene anathyola lokoyo atha kusiyamo khomo lake lolowera.

macOS ndi ya kampani ya Apple ndipo inapangidwira makompyuta a kampaniyo basi. Ndi yolimba pa chitetezo, ndipo amene akufuna kupanga mapulogalamu a iPhone amaifuna. Komabe mtengo wake ndi wokwera, zida zosinthira zimavuta kupeza, ndipo mbali yaikulu ya pulogalamuyi nayonso ndi yotsekedwa. Kwa ofesi ya komiti ya chitukuko kapena sukulu ya CDSS, imeneyi si njira yapafupi.

Linux inayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, wophunzira wa ku Finland. Ndi yaulere, ndipo malangizo ake ali poyera kuti aliyense wodziwa awerenge, akonze ndi kugawira ena. Mtundu wake wotchuka, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Mitundu ina ya Linux ndi yopepuka moti imayenda bwino pa makina amene Windows 11 yawakana. Si yachilendo kwa ife: mafoni a Android, monga Itel ndi Tecno, amayendera mtima wa Linux. Zovuta zake nazo zilipo. Amisiri oidziwa ndi ochepa kumidzi, maprinta ena amavuta kulumikiza, ndipo wozolowera Word ayenera kuphunzira LibreOffice, imene nthawi zina imasokoneza kaonekedwe ka kalata yochokera kwina.

Kwa mnyamata kapena mtsikana wofuna kuphunzira kulemba mapulogalamu, Linux ili ndi mwayi woonekeratu. Zida zolembera monga Python ndi Git ndi zaulere, ndipo makompyuta ambiri osunga masamba a intaneti amayendera Linux. Chitsanzo chili kwathu konkuno. Bungwe la Baobab Health, limene linayamba ntchito pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, linapanga makina okhudza ndi chala olembera odwala, makamaka olandira ma ARV, pogwiritsa ntchito Linux ndi mapulogalamu ena a poyera, ndipo Amalawi ambiri anaphunzira luso pa ntchito imeneyo.

Tisaganize kuti pulogalamu ya poyera singalowedwe ndi mbala. Mu Malichi 2024, katswiri wina wa ku Microsoft, Andres Freund, anapeza khomo lobisika m'kapulogalamu kotchedwa xz kamene Linux imagwiritsa ntchito. Analiikamo ndi munthu amene anakhala zaka pafupifupi ziwiri akuthandiza ntchitoyo mpaka anzake anamukhulupirira. Khomolo linapezeka lisanafalikire, chifukwa panali mwayi wosuzumira m'kati. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analanda makina osindikiza mapasipoti nkumafuna dipo. Ntchitoyo inaima kwa milungu ingapo, ndipo anthu a ku Mzimba, kumene ulendo wa ku Joni uli m'mabanja ambiri, akudziwa tanthauzo la kusowa pasipoti. Phunziro lake ndi lakuti mwini nkhokwe ayenera kudziwa amene akusunga kiyi.

Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA likuyang'anira, limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri ya anthu kuti aiteteze. Choncho makomiti a VDC ndi ADC, sukulu ndi eni mashopu m'dera la Khonsolo ya M'mbelwa aganizire izi. Ngati makina akulola Windows 11 ndipo layisensi ndi yeniyeni, pitirizani nayo ndipo muziilola kudzikonza pa intaneti. Ngati ndi akale, musawataye ndipo musaikemo Windows yobera. Yesani kaye Linux kuchokera pa fulashi musanafufute kalikonse. Mulimonsemo, ikani mawu achinsinsi, sungani kope la mafayilo pamalo ena, ndipo pasakhale munthu mmodzi yekha wodziwa kutsegula makina a gulu.

Inunso amene mukusiya chiphaso chanu pa kauntala muli ndi ufulu wofunsa kuti mbiri yanu isungidwa kuti, ndi kupempha kuti fayilo yanu ifufutidwe ntchito ikatha.