Ng'ona ikagwira siitaya, ngakhale m'masewera

Masewera a Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974, amacitikira pa tebulo. Mmodzi amasimba nthano, anzake amakhala anthu a m'nthanomo. Cirombo cikawaukira, woponya dayisi ya mbali 20 ndiye amaona ngati dzino lafika pathupi.

M'buku lao la zirombo la 2014, Monster Manual, nyama iriyonse ili ndi kamenyedwe kake. Ng'ona ikaluma imagwiriratu, ndipo siingalume wina kufikira itamasula woyambayo. Njobvu ikathamanga molunjika mamita 6 n'kulasa ndi mnyanga, munthu angathe kugwa, pamenepo imamuponda. Fisi akakhala ndi mnzake pafupi ndi munthuyo, amamuponyera dayisi kawiri n'kutenga nambala yaikulu.

Alimi anzanga, izi simukuzimva koyamba. Olemba malamulowa anatengera khalidwe lenileni la nyama. Wosewera wotayana ndi gulu ndiye amayamba kugwidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti pa tebulo wofa amalemba munthu wina pa pepala n'kupitiriza. Kudambo ndi kumunda dayisi yaciwiri kulibe.