KUKOKA GALIMOTO YAKUFA KUPITA NAYO KU TETE: KANGOLO KAPENA NGOLO YAIKULU?

Galimoto yakufa ndi ndalama

M'midzi yathu muli magalimoto ambiri akufa. Ena ali kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Ena ali pansi pa mlambe, ana akuseweramo. Chaka ndi chaka dzimbiri likuwadya.

Galimoto yakufa si chinyalala ai. Mu mzinda wa Tete muli anthu ogula zitsulo zakutha. Pa Chipwitikizi zitsulozi amazitcha sucata. Amaziyesa pa sikelo ndipo amalipira monga mwa kulemera kwake. Amakaniko nawonso amagula zipangizo zimene zikali zabwino, monga zitseko, magalasi ndi giyabokosi.

Koma ogulawo ali kutali. Kuchokera ku Moatize kufika ku Tete pali makilomita pafupi-fupi 20. Kuchokera ku Zóbuè, kumalire ndi Malawi, ndi makilomita oposa 100. Nanga galimoto yosayenda idzafika bwanji kumeneko?

Anthu ena amaikoka ndi chingwe. Imeneyi ndi ngozi. Injini ikakhala yosalira, mabuleki amalimba ndipo sagwira bwino. Wakutsogolo akaima mwadzidzidzi, wakumbuyo amamuomba. Njira zabwino ndi ziwiri: kangolo ndi ngolo yaikulu. Tiyeni tizione.

Kangolo

Kangolo kali ndi magudumu awiri okha. Pa Chingerezi amakatcha tow dolly. Magudumu akutsogolo a galimoto yakufa amakwera pa kangolo ndipo amamangidwa ndi malamba. Magudumu akumbuyo amatsala pansi ndipo amagudubuzika mu mseu.

Kangolo ndi kopepuka. Kamalemera makilogalamu 200 mpaka 350. Mtengo wake ndi wochepa chifukwa zitsulo zake ndi zochepa. Sikavuta kusunga pakhomo.

Ngolo yaikulu

Ngolo yaikulu amaitcha atrelado pa Chipwitikizi. Kawiri-kawiri ili ndi magudumu anai. Galimoto yonse imakwera pamwamba. Palibe gudumu lake limene limakhudza pansi.

Ngolo yotere ndi yolemera. Yopanda katundu imalemera makilogalamu 700 mpaka 1,000. Ndi yokwera mtengo, imafuna galimoto yamphamvu yoikoka, ndiponso imatha mafuta ambiri.

Munthu akamva mtengo amathamangira kangolo. Koma mtengo si ndiwo uyenera kutisankhira. Tisanasankhe, tifunse mafunso anai.

Funso loyamba: Kodi magudumu akumbuyo ali bwanji?

Ili ndilo funso lalikulu koposa. Pa kangolo, magudumu akumbuyo a galimoto yakufa amayenda ulendo wonse. Ayenera kukhala abwino ngati a galimoto yamoyo.

Galimoto imene yakhala zaka pa dzuwa imaonongeka miyendo. Ku Tete kumatentha kwambiri. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Matayala amauma ndi kung'aluka. Girisi wa m'magudumu amauma. Mabuleki amamatirira ndi dzimbiri.

Yesani motere. Kwezani galimoto ndi jeke. Zunguzani gudumu lililonse lakumbuyo ndi manja. Kodi likuzungulira mosavuta? Ligwedezeni. Kodi likuchita gwede-gwede? Popani tayala, mudikire usiku umodzi. Kodi mpweya ukalimo?

Ngati gudumu silikuzungulira, kapena likugwedera, kapena tayala laphwa, musagwiritse ntchito kangolo. Ngati galimotoyo inapindika pa ngozi, musagwiritsenso ntchito kangolo, chifukwa idzayenda chammbali ngati nkhanu. Magalimoto ambiri ogulitsa ku zitsulo zakutha amalephera mayeso amenewa. Malo awo ndi pa ngolo yaikulu.

Funso lachiwiri: Kodi injini imazunguza magudumu ati?

Magalimoto amasiyana. Pa magalimoto ang'ono-ang'ono ambiri, monga Toyota Corolla, injini imazunguza magudumu akutsogolo. Magudumu akumbuyo amangotsatira. Galimoto yotere imayenera pa kangolo.

Pa Toyota Hilux, ndi pa Toyota Hiace imene timakwera ngati chapa, injini imazunguza magudumu akumbuyo. Pansi pa galimoto pali chitsulo chachitali chotchedwa shafiti. Chimalumikiza giyabokosi ndi magudumu akumbuyo. Mukakoka galimoto yotere pa kangolo, magudumu amazunguza shafiti, ndipo shafiti imazunguza giyabokosi. Popeza injini sikulira, oilo sayenda bwino m'katimo. Giyabokosi imatentha ndi kupsa, maka-maka ija yosintha magiya yokha. Mwataya chipangizo chimene mukadagulitsa pa mtengo wabwino. Chotero itanani makaniko achotse shafiti musananyamuke.

Galimoto imene injini yake imazunguza magudumu onse anai, monga Land Cruiser, ikwezeni pa ngolo yaikulu.

Ena amakweza galimoto chambuyo pa kangolo. Musatero. Kulemera kwa injini kumatsalira kumchira, ndipo katundu amayamba kupepeluka mu mseu.

Funso lachitatu: Kodi galimoto yokoka ili ndi mphamvu yokwanira?

Pano pafunika masamu. Tiyeni tiwerengere pamodzi.

Corolla imalemera makilogalamu pafupi-fupi 1,100. Tinene kuti kangolo ndi makilogalamu 300.

1,100 + 300 = 1,400

Tsopano tiikweze pa ngolo yaikulu ya makilogalamu 900.

1,100 + 900 = 2,000

Taona kuti ngolo yaikulu yaonjezera makilogalamu 600. Nchifukwa chake imafuna pikiapu yamphamvu kapena lole.

Koma kukoka si vuto lalikulu. Vuto lalikulu ndi kuima. Opanga magalimoto amalemba m'buku la galimoto malire a katundu amene ingakoke. Pa magalimoto ambiri, ngati ngolo ilibe mabuleki ake, malire sapitirira makilogalamu 750. Tingolo tambiri tilibe mabuleki. Tsono onani: katundu wathu wa pa kangolo ndi makilogalamu 1,400. Wapitirira 750 ndi makilogalamu 650.

Chotero funsani mwini kangolo kapena mwini ngolo kuti, "Kodi ili ndi mabuleki? Kodi akugwira?" Safunsa anadya phula. Kumbukiraninso kuti galimoto yokoka ikhale yolemera kuposa katundu amene ikukoka. Galimoto yaing'ono isakoke inzake.

Funso lachinai: Kodi mseu ndi wotani?

Kangolo kamafuna mseu wa phula, wosalala, ndi ulendo waufupi. Ulendo wa ku Moatize kupita ku Tete ndi wotere.

Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi. Wochokera ku Zóbuè, ku Angónia kapena ku Songo amatsika mapiri. Pa mtsetse katundu amakankha galimoto yokoka kuchokera kumbuyo. Mabuleki amatentha ndi kufooka. Pa ulendo wotere pafunika ngolo ya mabuleki, ndipo woyendetsa atsike ndi giya yaikulu mphamvu, pang'ono-pang'ono.

Mu mseu wafumbi wa maenje, malamba a kangolo amamasuka msanga. Ndiponso kangolo kokhala ndi katundu sikabwerera m'mbuyo, chifukwa kamapindika pawiri. Mukasokera njira kapena mukatitimira, mudzayenera kutsitsa galimoto yonse. Ngolo yaikulu imabwerera m'mbuyo ngati woyendetsa ali wozolowera.

Ganiziraninso za mtsinje. Pakati pa mzinda wa Tete pali kutsidya la kumwera kwa Zambezi. Ochokera ku Moatize, ku Zóbuè ndi ku Angónia amafikira kutsidya lina, ku Matundo. Milatho ndi iwiri. Mlatho wa Samora Machel unatha kumangidwa mu 1973. Ndi wopapatiza, ndipo pamadutsa magalimoto, njinga zamoto, njinga zakapalasa ndi anthu apansi. Tayala lakale likaphulika pamenepo, mudzatsekereza anthu onse ndipo mungapweteke munthu. Mlatho wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014, kumunsi kwa mzinda, kuti malole olemera asamadutse pakati pa tauni. Dziwani kumene wogula wanu ali musananyamuke, kuti musankhe mlatho woyenera.

Kumanga katundu

Mukasankha, mangani katundu mosamala.

1. Chotsani mafuta mu thanki. Chotsaninso batire, chifukwa madzi ake amaotcha khungu.
2. Pa ngolo yaikulu, mbali ya injini iloze kutsogolo. Pa magawo 10 a kulemera, magawo 6 akhale kutsogolo kwa magudumu a ngolo. Katundu wolemera kumchira amagwetsa ngolo.
3. Mangani ngodya zonse zinai ndi matcheni kapena malamba olimba. Luzi ndi mphira za tayala si zomangira galimoto.
4. Mangani zitseko ndi boneti kuti zisatseguke ndi mphepo.
5. Lumikizani matcheni awiri pakati pa ngolo ndi galimoto yokoka, kuti chokolera chikaguluka ngolo isathawe.
6. Onani ngati nyali zakumbuyo zikuyaka.
7. Munthu asakwere m'galimoto yokokedwa, ngakhale mwana.

Nyamukani m'mawa, phula lisanatenthe. Mukayenda makilomita owerengeka, imani. Kokani malamba. Gwirani magudumu mumve ngati atentha. Yendani pang'ono-pang'ono. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira umatalika kanai. Kuthamanga si kufika.

Mapepala

Galimoto yakufa ili ndi mwini wake. Apolisi a pa mseu adzafuna umboni wakuti si yakuba. Tengani livrete ndi título de propriedade. Ngati munagula kwa munthu, tengani kalata yogulitsirana yokhala ndi maina ndi siginecha. Ngati mapepala anatayika, pitani kwa mfumu ndi ku polisi musanasunthe galimotoyo.

Tengani matirayango awiri ofiira ndi chovala chonyezimira. Za nambala ya ngolo ndi za chiphaso cha woyendetsa, kafunseni ku ofesi ya INATRO ku Tete.

Tisankhe chiti?

Sankhani kangolo ngati zinthu zinai izi zili zoona zonse: magudumu akumbuyo ndi abwino, injini imazunguza magudumu akutsogolo, galimoto yokoka ingathe kuimitsa katunduyo, ndipo mseu ndi waufupi ndi wosalala. Chimodzi chikasowa, sankhani ngolo yaikulu.

Amene ali ndi galimoto imodzi yogulitsa asagule ngolo. Abwereke kapena achite hayala. Ayambe wafunsa mtengo wa zitsulo ku Tete, achotsepo ndalama za hayala ndi za mafuta, aone chotsala. Ngati phindu ndi lochepa, angathe kuphwasula galimotoyo pamudzi ndi kugwirizana ndi anzake kuchita hayala lole imodzi.

Amene afuna kuchita malonda a zitsulo zakutha masiku onse asunge ndalama za ngolo yaikulu ya mabuleki. Ngolo imanyamula galimoto iliyonse, yopanda matayala ndi yopindika yomwe. Pa nyengo yokolola imanyamulanso matumba a chimanga. Kangolo sikangathe zimenezi.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi kangolo kamasiyana bwanji ndi ngolo yaikulu?
2. Tchulani njira zitatu zoyesera magudumu akumbuyo.
3. Chifukwa chiyani makaniko ayenera kuchotsa shafiti ya Hilux isanakwere pa kangolo?
4. Pikiapu yakufa ikulemera makilogalamu 1,800. Ngolo ikulemera makilogalamu 900. Kodi katundu yense ndi makilogalamu angati?
5. Kodi kuchokera m'mudzi mwanu kupita ku Tete mseu ndi wotani? Inu mungasankhe chiti?
6. Lembani m'kope mwanu mau awa: ngolo, gudumu, mabuleki, mlatho, sikelo.