Kupanidwa m'tulo: tisanaloze chala agogo

Pakati pa usiku munthu amadzidzimuka, maso n'kutseguka, denga akuliona bwinobwino. Akafuna kutembenuka, thupi limakana. Akafuna kukuwa, mawu satuluka. Pachifuwa pamalemera ngati wina wamukhalira, ndipo ena amaona chithunzithunzi chitaima pakhomo. Pakapita kanthawi thupi limamasuka, koma mantha amatsala. Kukacha, m'makomo ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, funso limakhala limodzi: ndani wandichita zimenezi?

Funsoli ndi loopsa kuposa vuto lenilenilo, pakuti kawirikawiri chala chimalozedwa nkhalamba ya m'mudzi kapena mkazi mnzake wa pamitala. Chisilamu chimaletsa kuganizira m'bale zoipa popanda umboni, ndipo lamulo la dziko lino la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Vutoli lili padziko lonse. Aluya amalitcha jathum, kutanthauza chinthu chokhalira munthu pachifuwa. Mu 2011, Brian Sharpless ndi Jacques Barber ataphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana, anapeza kuti anthu pafupifupi 8 mwa 100 alionse amapanidwapo pamoyo wawo, ndipo pakati pa ophunzira chiwerengerochi chimafika 28.

Tulo timayenda m'magawo amene amabwereza pafupifupi mphindi 90 zilizonse. Pagawo limene munthu amalota kwambiri, lomwe madokotala amalitcha REM, ubongo umamanga minofu ya manja ndi miyendo kuti wolota akuthamanga asadzuke n'kukagunda khoma. Chimenechi ndi chitetezo chomwe Allah anaika m'thupi. Kupanidwa kumachitika pamene maganizo adzuka minofu isanamasulidwe. Kupuma sikuima, koma kumakhala kwapamwambamwamba, n'chifukwa chake chifuwa chimamveka kulemera. Zithunzithunzi zija ndi zotsalira za maloto. Zonsezi zimatha pa masekondi kapena mphindi zochepa, ndipo sizipha.

Msilamu amakhulupirira kuti majini alipo, ndipo Sura ya 72 ya m'Qur'an imatchedwa ndi dzina lawo. Komabe si chilichonse cha usiku chomwe ndi ntchito yawo. Mu 2013, Baland Jalal ndi Devon Hinton anapeza kuti ku Egypt, komwe ambiri amati vutoli ndi la majini, anthu amapanidwa kawirikawiri ndiponso amaopa kwambiri kuposa a ku Denmark. Mantha amathawitsa tulo, ndipo kusowa tulo kumaitana kupanidwa kwina.

Gwero lalikulu ndi kugona mosakwanira, kugona nthawi zosinthasintha, ndi nkhawa. Taonani msodzi wa usipa amene amachezera panyanja ndi nyali n'kungotsinzina pang'ono masana. Mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni, ndalama zasiya kubwera pomwe ngongole ya banki m'khonde ikudikira. Mwana wa Folomu 4 amene akuwerenga mpaka tambala woyamba poopa mayeso a MSCE. M'mwezi wa Ramadhan nawonso, pakati pa Tarawehe ndi daku pamatsala maola ochepa. Nkhawa imautsa thupi ngati kuti mdani ali pakhomo: mtima umagunda msanga, maganizo amazungulira, tulo n'kubalalika.

Mankhwala oyamba tili nawo kale m'Sunnah. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaphunzitsa kuchita wudhu pogona, kugonera kumanja, ndi kuwerenga Ayatul Kursi, ndipo iye ankawerenga Sura zitatu zomaliza za Qur'an. Sankakondanso macheza Swala ya Isha ikatha. Madokotala nawo amati kugona chagada kumachulukitsa kupanidwa, ndipo munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 a tulo. Choncho gonani ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, siyani tiyi ndi khofi Swala ya Asr ikapita, ndipo foni ikhale kutali ndi mphasa. Tulo tikakana, dzukani mukhale pansi m'kuwala kochepa mukuchita zikiri mpaka titabwera. Asodzi apeze malo amdima ndi abata ogonamo masana.

Mukapanidwa, musalimbane nalo thupi. Pumani modekha, tchulani Allah mumtima, ndipo yesani kugwedeza chala chimodzi. Mukamva mnzanu wogona naye akubuula, mukhudzeni ndi kumuitana dzina. Nthawi zambiri zimenezi zimamumasula.

Pali nthawi yofunika chipatala. Ngati tulo tikusowa masiku 3 pa sabata kwa miyezi 3, ngati munthu akugwidwa ndi tulo mwadzidzidzi masana ali pantchito, kapena wataya chiyembekezo mpaka kulakalaka imfa, apite kuchipatala cha boma akaonane ndi oona za umoyo wa m'maganizo. Asagule mapiritsi ogonetsa pamsika. Mtumiki analimbikitsa kufuna mankhwala, ndipo duwa ndi dokotala sizitsutsana.

Nkhawa yobisa ndiyo imakula usiku, ndipo mutu umodzi susenza denga. Mwana kapena mkazi wanu akakuuzani kuti anapanidwa, musamuseke, musathamangirenso kufufuza mfiti. Khalani naye pansi, mumufunse kuti akugona maola angati, ndiponso chikumudya mumtima n'chiyani. Allah atipatse mtendere m'tulo tathu.