Pepala la ku yunivesite lifuna manja ozolowera ntchito

Tsiku lina ku Lifidzi bambo wina wachikulire adandiimitsa atazindikira mawu anga a pa wailesi. Iye adati adagulitsa ng'ombe ziwiri kuti mwana wake amalize yunivesite, koma chaka chachiwiri chikutha mnyamatayo angokhala pakhomo. Adafuna kudziwa ngati ng'ombezo zidapita pachabe.

Makolo ambiri kuno ku Angónia ali ndi funso lomweli. Kale ophunzira athu ankapita ku Beira kapena ku Maputo. Koma Universidade Zambeze, imene idayamba kuphunzitsa mu 2009, ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulongwe komwe kuno. Ku Tete nako kuli Instituto Superior Politécnico de Tete, imene idakhazikitsidwa mu 2005 ndipo imaphunzitsa za migodi, pafupi ndi malasha a ku Moatize.

Vuto ndi lakuti olemba ntchito safunsa pepala lokha. Amafuna kudziwa zimene munthu adagwirapo ndi manja ake. Ndi chifukwa chake pali chimene pa Chipwitikizi amati estágio: wophunzira amapita kukagwira ntchito pa kampani, ku ofesi ya zaulimi kapena pakati pa alimi kwa miyezi ingapo asanamalize kapena atangomaliza. Kumeneko amaphunzira kusunga nthawi, kulemba lipoti, kuwerengera ndalama ndi kulankhula ndi mlimi mwaulemu. Ndiponso mabwana amamudziwira komweko.

Tsono inu makolo, musanagulitse ng'ombe, funsani kusukuluko ngati maphunziro amene mwana wasankha ali ndi estágio, ndi komwe amakachitira. Akabwera pa tchuthi, mupatseni kadimba kake kuti ayesere zimene aphunzira pa mbatata ya kachewere, nyemba kapena soya, ndipo azilemba ndalama zimene walowetsa ndi zimene wapeza. Kabuku kameneko ndi umboni woti akhoza kukaonetsa pofuna ntchito kapena ngongole.

Nanunso achinyamata, musachite manyazi kugwira khasu chifukwa muli ndi digiri. Maofesi ndi ochepa, koma nthaka yathu imadyetsa chigawo cha Tete, ndipo ogula mbewu amabwera okha mpaka pa msika wa ku Calómuè. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Bambo uja ndidamuuza kuti ng'ombe sizidatayike, koma mnyamatayo asadikire kalata ali pakhonde. Mvula isanagwe, ayambe ndi munda umene ulipo.