Mwana amene magazi amamuthera kawirikawiri

Ana inu, phunziro ili mukawerenge pamodzi ndi amayi, abambo kapena agogo kunyumba.

Magazi athu

Tambasulani manja. Yang'anani zikhatho zanu. Ndi zofiirira. Zimafiira cifukwa ca magazi.

M'magazi muli tinthu ting'onoting'ono tofiira. Dzina lake ndi maselo ofiira. Sitingawaone ndi maso athu. Ku cipatala amawaona ndi galasi lokuza zinthu.

Maselo ofiira ndi ozungulira ngati kacitumbuwa. Ndi ofewa. Amayenda bwino m'mitsempha, ngakhale yopapatiza. Amanyamula mpweya wabwino kucokera m'mapapu, ndipo amaupereka m'thupi monse. Selo limodzi limakhala masiku 120, ndiye kuti miyezi inayi. Likafa, thupi limapanga lina m'kati mwa mafupa.

Magazi akacepa

Nthawi zina magazi amacepa m'thupi. Mwana amafooka. Zikhatho zimayera. M'kati mwa zikope mumayeranso.

Malungo amacepetsa magazi. Njoka za m'mimba ndi likodzo nazo zimacepetsa magazi. Kusowa cakudya cabwino kumateronso. Mwana wotere akalandira mankhwala, n'kumadya nyemba, ndiwo zamasamba, usipa ndi mazira, magazi amabwerera.

Koma pali ana ena amene magazi amawathera kawirikawiri. Amadya bwino. Amamwa mankhwala. Pakapita miyezi yocepa adwalanso. Ena mwa ana amenewa ali ndi matenda obadwa nawo. M'Cipwitikizi dzina lake ndi anemia falciforme. Liwu lakuti falciforme likutanthauza cinthu cokhota ngati zenga lomwetera udzu.

Maselo okhota

Mwa mwana wodwala matendawa, maselo ofiira ambiri amakhota ngati zenga. Amauma ndi kumamatirana. Akafika m'mitsempha yopapatiza amatsekereza njira, monga zinyalala zimatsekera ngalande ya kudimba. Magazi sadutsa. Pamalo pamenepo pamapweteka kwambiri.

Maselo okhotawa sakhalitsa. Amafa pakangopita masiku 10 mpaka 20. Thupi silitha kupanga ena msangamsanga. N'cifukwa cake magazi amacepa.

Matendawa amacokera kuti?

Mwana amatenga mtundu wa magazi kwa makolo onse awiri. Mbali imodzi imacokera kwa bambo. Mbali ina imacokera kwa mayi. Mbali yabwino madokotala amailemba A. Mbali yokhotetsa maselo amailemba S.

Munthu wa AA alibe matendawa. Munthu wa AS amakhala bwinobwino, amalima, amathamanga, koma S uja ali naye. Munthu wa SS ndiye amadwala.

Tiyeni tisewere. Tengani matumba awiri. Lina ndi la bambo, lina ndi la mayi. M'thumba lililonse ikani nyemba ziwiri, yofiira ndi yoyera. Yofiira ndi A. Yoyera ndi S. Tsinzinani, mutole nyemba imodzi m'thumba lililonse. Onani zimene mwatola, mubwezere, mutolenso. Citani zimenezi kambirimbiri. Mudzaona kuti zoyera ziwiri zimatuluka pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi.

Ndi mmene zilili ndi bambo wa AS ndi mayi wa AS. Pa mimba iliyonse, mwana angathe kubadwa wa AA, wa AS kapena wa SS. M'banja lina ana onse amabadwa bwino. M'banja lina awiri kapena atatu amadwala.

Conco matendawa si ufiti. Sabwera cifukwa cakuti wina sanasunge mwambo. Mayi alibe mlandu, bambonso alibe mlandu. Matendawa sapatsirana. Mungathe kudya mbale imodzi ndi mnzanu wodwala. Mungathe kukhala naye pa benci limodzi.

Matendawa anafotokozedwa koyamba m'mabuku a madokotala mu 1910. Anawalemba dokotala James Herrick wa ku Chicago, ku America. Mu 1954, dokotala Anthony Allison anaonetsa kuti anthu a AS sadwala malungo akulu ngati anzawo. N'cifukwa cake S amapezeka kwambiri kumadera a malungo. Mu 2021, ana oposa 500 000 anabadwa ndi matendawa padziko lonse. Ambiri mwa iwo anabadwira muno mu Africa.

Kwa inu makolo: zizindikiro

Khanda limabadwa looneka bwino. Zizindikiro zimayamba likakwana miyezi 5 kapena 6. Manja ndi mapazi amatupa, ndipo mwana amalira mukamugwira. Maso amasanduka acikasu. Mwana wokulirapo amadandaula mafupa, msana, cifuwa kapena m'mimba. Amacedwa kukula. Amadwaladwala.

Ndi maso okha sitingadziwe kuti ndi matendawa. Ayenera kuyezedwa magazi. Pitani naye ku cipatala ca pafupi, mutatenga khadi lake la kusikelo. Fotokozani zonse. Nenani kuti wadwala kangati. Nenani ngati anaikidwapo magazi. Nenaninso ngati m'banjamo munatayika mwana wina ndi zizindikiro zomwezo. Anamwino akakayika, adzakutumizani ku cipatala cacikulu, monga ca ku Tete kapena ca ku Lichinga. Ulendowo ndi wautali, koma musauleke. Mwana akapezeka ndi matendawa, abale ake nawo akayezedwe.

Thandizo lilipo

Mapiritsi kapena zitsamba sizicotsa matendawa m'thupi. Koma mwana wosamalidwa amakula, amaphunzira, amadzagwira nchito.

Dokotala amapereka mankhwala a penisilina oti mwana azimwa tsiku lililonse mpaka zaka 5. Amamuteteza ku cibayo ndi matenda ena oopsa. Amaperekanso timapiritsi tothandiza thupi kupanga magazi. Palinso mankhwala a hidroxiureia, amene amacepetsa kukhota kwa maselo ndi ululu. Magazi akacepa kwambiri, mwana amaikidwa magazi a munthu wina. Magaziwo amayamba ayezedwa.

Mapiritsi a sal ferroso amathandiza kucepa magazi kwa nthawi zonse. Sathetsa matenda awa. Musamupatse popanda mawu a dokotala.

Kumaiko ena madokotala amaciza matendawa poika mwa mwana mafuta a m'mafupa a mbale wake. Njira imeneyi ndi yovuta, ndiponso ndi yodula kwambiri.

Kunyumba citani izi. Mwana alandire katemera yense. Azigona m'neti usiku uliwonse, pakuti malungo ndi oopsa kwa mwana wa SS. Azimwa madzi abwino ambiri. Mu Juni ndi Julayi, makamaka kumapiri a ku Angónia, mumuveke zofunda, ndipo asasambe madzi ozizira. Kuzizira kumadzutsa ululu. Pamalo popweteka ikani nsalu yofunda. Musamuteme mphini. Mphini zimataya magazi ocepa amene ali nawo, ndipo bala lingathe kuola.

Thamangani naye ku cipatala tsiku lomwelo mukaona izi: thupi latentha, akupuma movutika, wayera kwambiri ndi kulefuka, kapamba watupa mwadzidzidzi kumanzere kwa mimba, mkono kapena mwendo wafa mphamvu, pakamwa papotoka. Musadikire kuti kuce.

Kusukulu

Mnzathu wodwala matendawa amajomba masiku ena. Si ulesi. Amatopa msanga pa mpira. Tisamuseke. Amamwa madzi ambiri, conco amapita kukataya madzi kawirikawiri. Aphunzitsi amulole. Akabwerako ku cipatala, timubwereke makope athu. Akayamba kumva kupweteka, tiuze aphunzitsi msanga.

Pa 19 Juni caka ciliconse, maiko onse amakumbukira anthu odwala matendawa. Tsiku limenelo tidzawerenganso phunziro ili.

Mafunso

1. Maselo ofiira abwino amaoneka bwanji?
2. Nanga maselo okhota amafanana ndi ciani?
3. Mwana amatenga matendawa kwa ndani?
4. Kodi tingadye mbale imodzi ndi mnzathu wodwala?
5. Nenani zinthu zitatu zosamalira mwana wotere kunyumba.

Zocita

Jambulani selo lozungulira ndi selo lokhota. Mukaonetse kunyumba, ndipo mukasewere masewera a nyemba ndi makolo anu.