KUMMWERA KWA AFRICA: Malamulo oweta agalu m'mizinda amagwira ntchito katemera akafika pafupi

CAPE TOWN - Munthu wokhala m'nyumba wamba mu mzinda wa Cape Town, m'dziko la South Africa, saloledwa kuweta agalu oposa atatu popanda chilolezo cha khonsolo. Wokhala pa fulati amaloledwa awiri okha. Galu kapena mphaka aliyense wopitirira miyezi isanu ndi umodzi ayenera kuchitidwa opaleshoni yoti asabereke, pokhapokha ngati mwini wake wapatsidwa chilolezo chapadera.

Izi ndi zina mwa mfundo za m'lamulo la mzindawu lotchedwa Animal Keeping By-law, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2021 kulowa m'malo mwa lina la m'chaka cha 2010. Lamuloli limakhudza aliyense wokhala mu mzindawu, kuphatikizapo anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zimbabwe ndi maiko ena, omwe ena mwa iwo amagwira ntchito za m'nyumba ndipo ndiwo amadyetsa ndi kuyendetsa agalu a mabwana awo.

Makhonsolo ambiri m'chigawo chino ali ndi malamulo ofanana ndi amenewa. Komabe zomwe zachitika ku Cape Town ndi ku Blantyre zikusonyeza kuti lamulo palokha silikwanira, ngati thandizo loti anthu alitsatire lili kutali kapena ndi lokwera mtengo.

Zomwe lamuloli likunena

Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a m'chaka cha 1996 anapereka kwa makhonsolo udindo wopereka ziphaso za agalu, woyendetsa malo osungirako nyama zogwidwa zikungoyendayenda ndiponso wothana ndi zinthu zosowetsa anthu mtendere. N'chifukwa chake malamulo a ziweto amasiyana pakati pa mzinda wina ndi unzake.

Ku Cape Town chiwerengero cha agalu chimatengera kukula kwa malo. Nyumba yomwe ili pa malo oposa masikweya mita 600 ingathe kukhala ndi agalu anayi, pomwe pa famu amaloledwa asanu ndi mmodzi. Wofuna kuweta ochulukirapo amapempha chilolezo, ndipo akuluakulu a khonsolo amayamba aona ngati malowo ndi oyenera.

Galu akatuluka kunja kwa mpanda ayenera kukhala pa chingwe, kupatula m'malo omwe khonsolo inapatula kuti agalu azithamangamo momasuka, ndipo woyenda naye ayenera kutola ndowe zake. Ngakhale kuuwa kuli ndi malire ake: galu wouwa kwa mphindi zoposa zisanu ndi imodzi pa ola limodzi, kapena zoposa zitatu pa theka la ola, angathe kuchititsa kuti mwini wake aimbidwe mlandu wosokoneza anzake oyandikana nawo.

Lamuloli silinathere pa agalu ndi amphaka okha. Limakhudzanso oweta nkhuku, nkhumba ndi njuchi, komanso eni mahatchi okoka ngolo, omwe amaoneka m'misewu ya m'madera a Cape Flats atanyamula zitsulo zakutha zokagulitsa. Limaletsanso mchitidwe womenyanitsa agalu.

Pamwamba pa lamulo la mzinda pali malamulo a dziko lonse. Lamulo la matenda a nyama la m'chaka cha 1984 limakakamiza mwini galu kapena mphaka aliyense kubayitsa chiweto chake katemera wa chiwewe. Lina la m'chaka cha 1993 limati munthu amene chiweto chake chavulaza wina chifukwa cha kusasamala kwake angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa kwa zaka zosapitirira ziwiri.

Ku Zimbabwe nako, khonsolo ya Harare imalola agalu awiri pa malo ochepera masikweya mita 2,000 ndi anayi pa malo okulirapo. Ku Zambia kuli lamulo lapadera loyang'anira agalu lotchedwa Control of Dogs Act, pomwe ku Malawi lamulo la maboma aang'ono la m'chaka cha 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zodzipangira malamulo a m'madera awo.

Chiwewe ndiye gwero la nkhawa

Phokoso ndi ndowe zimakwiyitsa anthu, koma chomwe chimachititsa kuti nkhani ya agalu ikhale ya moyo ndi imfa ndi matenda a chiwewe. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, makamaka ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse omwe amadwala amakhala atalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15.

Zizindikiro za matendawa zikangoyamba kuoneka, wodwalayo sachira. Munthu wolumidwa amapulumuka ngati watsuka balalo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako n'kuthamangira kuchipatala kukalandira katemera.

Ngakhale mzinda wa malamulo okhwima ngati Cape Town sunapulumuke ku chiopsezochi. M'chaka cha 2024 akatswiri anatsimikiza kuti chiwewe chinapezeka mwa nyama za m'nyanja zotchedwa seal m'mphepete mwa nyanja ya mzindawu, ndipo akuluakulu anachenjeza anthu kuti asalole agalu awo kuyandikira nyamazi, zamoyo ngakhale zakufa. Apa lamulo la chingwe, lomwe ena ankaliona ngati longovutitsa, linaoneka phindu lake.

Akatswiri a zaumoyo amati kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka, kumadula kufala kwa matendawa. Kuwombera agalu oyendayenda, komwe makhonsolo ambiri m'chigawo chino akhala akudalira matendawa akabuka, sikuthetsa vutoli. Agalu ophedwa amalowedwa m'malo ndi ena osabayidwa, ndipo nthawi zina mfuti imapha ndi omwe anabayidwa kale.

Phunziro la ku Blantyre

Mzinda wa Blantyre ku Malawi ndi umodzi mwa malo omwe mfundo imeneyi inayesedwa. Kafukufuku yemwe anafalitsidwa m'chaka cha 2007 anapeza kuti mwa ana 133 omwe anamwalira ndi matenda okhudza ubongo pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, 14 anali ndi chiwewe. Atatu mwa iwo ankaganiziridwa kuti akudwala malungo a mu ubongo, zomwe zinasonyeza kuti imfa zina za chiwewe zinkabisala m'kaundula wa matenda ena.

M'chaka cha 2015 bungwe la ku Britain la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, linayamba kubaya agalu katemera waulere mu mzinda wonse. M'masiku 20 okha agalu oposa 35,000 anabayidwa, ndipo chiwerengero cha obayidwa chinadutsa 70 mwa 100 alionse. Ogwira ntchitoyi ankakhala pa malo odziwika monga masukulu, kenako n'kuyenda khomo ndi khomo kufunafuna agalu otsalira.

Ntchitoyi inaonetsa kuti agalu ambiri omwe amayendayenda m'misewu ya m'makwalala ali ndi eni ake, ndipo eni akewo amawabweretsa akadziwa kuti katemera ndi waulere komanso ali pafupi. Chomwe chinkalepheretsa ambiri ndi mtunda. Malo obayira atachulukitsidwa ndi kuyandikitsidwa kwa anthu m'chaka cha 2018, ntchito yomwe inkatenga masiku 20 inatha m'masiku 11. Madokotala a pa Queen Elizabeth analengezanso kuti ana obwera ndi chiwewe anachepa kwambiri kuyambira pomwe katemerayu anayamba.

Mtengo wotsatira lamulo

Ku Cape Town vuto lofanana ndi limeneli likuoneka pa nkhani ya opaleshoni. Lamulo loti galu asabereke limakhudza wolemera wa ku Constantia chimodzimodzi ndi wosauka wa ku Khayelitsha, koma si onse angathe kulipira dokotala wa ziweto woima payekha. M'madera a anthu ovutika ntchitoyi imadalira mabungwe achifundo monga Cape of Good Hope SPCA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1872, ndi chipatala cha ziweto cha Mdzananda ku Khayelitsha. Kuyambira m'chaka cha 2013 khonsolo yakhala ikupereka ndalama zochitira opaleshoni agalu ndi amphaka ambiri nthawi imodzi m'madera osankhidwa.

Kumene thandizo lotere kulibe, lamulo limasanduka chida cholangira osauka, ndipo zotsatira zake zimakhala zosiyana ndi cholinga chake. Munthu woopa chindapusa amabisa galu wake kapena kumukana, ndipo galu wobisidwa sabayidwa katemera.

M'chaka cha 2015 WHO ndi mabungwe ena a padziko lonse anagwirizana zoti pofika m'chaka cha 2030 pasadzakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa agalu. M'mizinda ya m'chigawo chino, kukwaniritsidwa kwa cholingachi kukudalira makhonsolo, omwe ndiwo amalemba malamulo a ziweto, ndi nthambi za boma zoona za ziweto, zomwe ndizo zimafikitsa katemera kwa eni agalu chaka chilichonse.