Ayaan Hirsi Ali: moyo ndi mabuku a mlembi wotsutsa Chisilamu

Ayaan Hirsi Ali ndi mlembi wochokera ku Somalia amene kwa zaka zoposa 20 wakhala akudzudzula Chisilamu, makamaka pa momwe akazi amasungidwira m'mabanja ndi m'madera achisilamu. Anabadwira ku Mogadishu pa 13 Novembala 1969. Mabuku ake, ngakhale amene amakamba za ndale, onse amatsamira pa zimene iye mwini anadutsamo.

Bambo ake, Hirsi Magan Isse, anali munthu wophunzira komanso wotsutsa boma la Siad Barre, ndipo Ayaan ali wamng'ono iwo anali m'ndende. Pa nthawi imeneyo agogo ake aakazi anakonza zoti mwanayo achitidwe mdulidwe wa atsikana ali ndi zaka zisanu, mwambo umene bambowo ankadana nawo. Bambowo atathawa m'ndende, banja linasamukira ku Saudi Arabia, kenako ku Ethiopia, mpaka linakhazikika ku Nairobi m'dziko la Kenya mu 1980.

Ku Nairobi ndi kumene kunaumbidwa maganizo ake oyamba. Anaphunzira pa Muslim Girls' Secondary School, kumene mphunzitsi wina wachipembedzo, amene m'mabuku ake amamutchula kuti Sister Aziza, anamukopera ku Chisilamu chokhwima, ndipo iye anayamba kugwirizana ndi gulu la Muslim Brotherhood. Anayamba kuvala chovala chophimba thupi lonse mwa kufuna kwake. Mu 1989, Ayatollah Khomeini wa ku Iran atalamula kuti mlembi Salman Rushdie aphedwe, mtsikanayu anagwirizana ndi chigamulocho, ndipo zimenezi amazivomera poyera. Koma m'zaka zomwezo ankawerenganso mabuku a nthano achingerezi, ena a zachikondi, momwe atsikana ankadzisankhira okha mwamuna ndi ntchito.

Mu 1992 anafika ku Netherlands. Iye amati bambo ake anamupezera mwamuna wa fuko lawo wokhala ku Canada, ndipo ali pa ulendo wopita kumeneko anatsikira ku Germany n'kukwera sitima yapamtunda kuthawa ukwatiwo. Popempha malo ngati wothawa kwawo, ananama dzina, chaka chobadwa ndi dziko limene ankachokera. Anagwirako ntchito zoyeretsa ndi za m'fakitale, anaphunzira Chidatchi, n'kukhala womasulira pakati pa Asomali ndi akuluakulu a boma. Ntchitoyi inkamulowetsa m'zipatala ndi m'nyumba zosungiramo akazi othawa nkhanza, ndipo zimene anamva kumeneko ndizo zinadzaza zolemba zake zoyamba. Anamaliza maphunziro a ndale pa yunivesite ya Leiden mu 2000.

Zigawenga za Al-Qaeda zitaphulitsa nyumba ku America pa 11 Seputembala 2001, iye anakana maganizo a anzake a m'chipani cha Labour, chimene iye analimo pa nthawiyo, oti chinayambitsa chiwembucho ndi umphawi ndi ndale. Ankati mawu a Osama bin Laden anawazindikira kuchokera ku zimene anaphunzitsidwa ali mtsikana. Mu 2002 analengeza kuti sakhulupiriranso Mulungu, anasamukira ku chipani china chotchedwa VVD, ndipo mu Januwale 2003 anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo.

Dzina lake linamveka dziko lonse chifukwa cha filimu ya mphindi pafupifupi khumi yotchedwa Submission, imene iye analemba ndipo wopanga mafilimu Theo van Gogh anaijambula. Inaonetsedwa pa wailesi yakanema mu Ogasiti 2004. Inkaonetsa akazi ozunzidwa, matupi awo atalembedwa mavesi a Qur'an, ndipo Asilamu ambiri, kuphatikizapo akazi ena amene filimuyo inkati ikuwalankhulira, anaiona ngati chipongwe. Pa 2 Novembala 2004, Mohammed Bouyeri anawombera ndi kubaya Van Gogh mumsewu wa ku Amsterdam, n'kusiya pa mtembowo kalata yoopseza Hirsi Ali. Bouyeri analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Hirsi Ali anabisidwa kwa miyezi ingapo, ndipo wakhala zaka zambiri akuyenda ndi omulondera.

Chimene chinamuchotsa m'ndale si zigawenga ayi koma bodza lija la 1992. Mu Meyi 2006 pulogalamu ya pa kanema yotchedwa Zembla inaiutsanso nkhaniyo, ndipo achibale ena anakana kuti ukwati uja unali wokakamiza. Za dzina ndi chaka iye anali atavomera kale poyera. Komabe nduna yoona za olowa m'dziko, Rita Verdonk, wa chipani chake chomwe, inati unzika wake ndi wosavomerezeka. Hirsi Ali anatula pansi uphungu. Patangotha milungu yochepa ndunayo inabweza mawu ake, koma mkanganowo unagwetsa boma la Jan Peter Balkenende mu Juni chaka chomwecho. Iye anasamukira ku Washington kukagwira ntchito ku bungwe lofufuza la American Enterprise Institute.

Buku lake lodziwika kwambiri ndi Infidel, mbiri ya moyo wake, limene linatuluka m'Chidatchi mu 2006 ndi m'Chingerezi mu 2007. Limayamba ndi agogo ake akumuloweza mayina a makolo a fuko lake, mibadwo yambirimbiri, chifukwa ku Somalia wosadziwa mzere wa makolo ake alibe womuteteza. Owerenga ambiri, ngakhale osagwirizana naye, amavomera kuti zigawo za ubwana wake n'zolembedwa mwaluso: mayi ake owawidwa mtima, mng'ono wake Haweya amene anadwala matenda a maganizo n'kumwalira, ndi bambo amene ankawakonda ngakhale anasiya banja. Pa zolemba zake zonse, apa m'pamene sakulalikira kwambiri, ndipo m'pamene akumveka bwino. The Caged Virgin ndi mndandanda wa nkhani zazifupi zokhudza akazi, pamene Nomad, la 2010, likupitiriza mbiri yake ku America.

M'zaka zimenezi mawu ake anali akuthwa kwambiri. Pocheza ndi magazini ya Reason mu 2007 ananena kuti chofunika kugonjetsedwa ndi Chisilamu chenichenicho, osati zigawenga zokha. Mawu ngati amenewa ndiwo anachititsa yunivesite ya Brandeis kubweza digiri yaulemu imene inafuna kumupatsa mu 2014.

Mu Heretic, la 2015, anasinthako. Anati Chisilamu chingathe kukonzedwa ndi eni ake, ndipo anavomera kuti Asilamu ochuluka ndi anthu amtendere. Anatchula zinthu zisanu zimene iye akuti ziunikidwenso: kusafunsa mafunso pa za Mtumiki Muhammad ndi kuwerenga Qur'an liwu ndi liwu, kuika moyo wa pambuyo pa imfa patsogolo pa moyo uno, malamulo a sharia, mphamvu yoti munthu wamba azikakamiza mnzake kutsata chipembedzo, ndi jihad. Otsutsa anayankha kuti munthu amene anatuluka m'chipembedzo sangakhale wouza otsalamo zoti asiye. Prey, la 2021, likunena kuti kuchuluka kwa amuna ochokera m'mayiko achisilamu kwawonjezera nkhanza kwa akazi ku Ulaya, ndipo owunika mabuku angapo anati ziwerengero zake sizikufika pamene mfundo zake zikufika.

Chidzudzulo chachikulu pa ntchito yake yonse n'choti amatenga za ku Somalia ndi ku Saudi Arabia n'kuziyesa Chisilamu chonse. Mdulidwe wa atsikana, mwachitsanzo, umachitikanso pakati pa Akhristu a ku Ethiopia ndi ku Egypt, pomwe m'mayiko ena ambiri achisilamu suchitika. Msilamu wa ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Kabwe, amene amakhala mpanda umodzi ndi Akhristu, mwinanso kukwatirana nawo, sangadzipeze kwenikweni m'masamba a mabukuwa. Omuikira kumbuyo amati zimenezo sizifufuta maukwati okakamiza ndi kuphedwa kwa atsikana oti achititsa manyazi banja, nkhanza zimene bungwe lake la AHA Foundation, lokhazikitsidwa mu 2007, limalimbana nazo ku America.

Anakwatiwa ndi katswiri wa mbiri yakale Niall Ferguson mu 2011, anakhala nzika ya America mu 2013, ndipo pambuyo pake analowa m'bungwe lofufuza la Hoover Institution pa yunivesite ya Stanford. Mu Novembala 2023 analemba pa magazini ya pa intaneti ya UnHerd kuti tsopano ndi Mkhristu. Ku Zambia, kumene pulezidenti Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti dzikoli ndi lachikhristu, nkhaniyi ingamveke ngati umboni wa pa guwa, koma zifukwa zimene anapereka zinali za mitundu iwiri. Anati moyo wopanda chikhulupiriro unamulemera mumtima, komanso kuti mayiko a azungu sangalimbe polimbana ndi China, Russia ndi Chisilamu cha ndale ngati ataya maziko awo achikhristu. Richard Dawkins, mnzake wakale m'gulu la osakhulupirira Mulungu, anamulembera kalata ya poyera yonena kuti zimene walongosolazo ndi ndale ndi makhalidwe, osati chikhulupiriro. Awiriwa atakumana pa mtsutso ku New York mu 2024, Hirsi Ali anamuyankha kuti anasankha kukhulupirira Yesu Khristu.